Dzina la Fabiano: nyemba za ku Roma, msilikali wodekha ndi Papa wa nkhunda

Aphunzitsi akamaitana mayina m'kalasi kuno ku Zomba, kaya ndi ku Thondwe, ku Jali kapena ku Domasi, kawirikawiri pamamveka Fabiano. Pena limakhala dzina la mwanayo, pena ndi la agogo ake lomwe linasanduka dzina la banja lonse, monga zinachitikira ndi mayina ena a ubatizo ngati Petulo, Matiyasi ndi Sitefano. Ambiri tinamvapo za Dr. Emmanuel Fabiano, yemwe anatsogolerapo University of Malawi n'kudzakhalanso nduna ya maphunziro. Koma mukafunsa mwini dzina kuti limatanthauza chiyani, yankho limakhala loti ndi dzina la ubatizo basi. Ena amawonjezera kuti limatanthauza munthu wodekha, poti anamvapo za mkulu wa asilikali wina wa ku Roma. Apa mpomwe pamafunika kuwongola, chifukwa kholo lomwe likufuna kutcha mwana dzinali liyenera kudziwa chomwe likumusenzetsa.

Muzu wa dzinali ndi nyemba.

M'Chilatini dzinali ndi Fabianus, ndipo lili ndi zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndi Fabius, lomwe silinali dzina la munthu mmodzi koma mfunda, ngati Phiri, Banda kapena Mbewe. Chigawo chachiwiri ndi kamchira koti -anus, komwe kamatanthauza "wa kwa". Choncho Fabianus ndi munthu wa kwa Fabius. Nanga Fabius? Pliny wamkulu, wolemba wa ku Roma yemwe anamwalira phiri la Vesuvius litaphulika mu 79 AD, anafotokoza kuti mabanja ena akale a ku Roma ankatchedwa ndi mbewu yomwe ankaidziwa kulima. A Lentulus anatengera ku mphodza, a Cicero ku mtundu wina wa nsawawa wotchedwa cicer, ndipo a Fabius ku faba, nyemba. Plutarch, wolemba wachigiriki, anasunga mbiri ina yoti poyamba ankatchedwa Fodii chifukwa makolo awo ankakumba mbuna zogwirira nyama zakutchire. Koma kufotokoza komwe kunakhazikika, komwe mudzakupeze paliponse pamene akumasulira dzinali, ndi kwa nyemba.

Musaganize za nanyati kapena kholophethe zomwe amayi amayeza ndi mbale mumsika wa Zomba. Nyemba zathuzi zinachokera ku America, ndipo Aroma a nthawi ya Fabius sanazionepo. Faba ndi nyemba zikuluzikulu zaphwatalala, mtengo wake umaima chilili osayanga, makoko ake ndi ochindikala okhala ndi kaubweya kofewa mkati, ndipo zimakonda malo ozizira. Masiku ano zimadyedwa kwambiri ku Egypt ndi ku Ethiopia. Chibale chilipo ndithu: akatswiri a zomera anatcha banja lonse la nyemba, nandolo, khobwe, nzama, soya ndi mtedza kuti Fabaceae, kuchokera ku liwu lomweli. Mwana wa sekondale yemwe akuphunzira za mbewu zobwezeretsa chonde m'nthaka amakumana ndi muzu wa dzina la Fabiano osadziwa.

Ine sindiona chochititsa manyazi pa tanthauzo limeneli. Kwa Aroma akale kulima kunali ulemu, ndipo kwathu kuno palibe amene sadziwa kuti mu Januwale, nkhokwe zitapepuka, khwanya ndi amene amasunga banja.

Munthu amene analemeretsa dzinali

Mroma wa banja lodziwika ankakhala ndi mayina atatu kapena kuposerapo, ndipo lililonse linali ndi ntchito yake. Msilikali amene tikunenayu anali Quintus Fabius Maximus Verrucosus Cunctator. Quintus ndi dzina lake la kunyumba, lochokera ku liwu lotanthauza wachisanu powerenga. Fabius ndi mfunda. Maximus, kutanthauza wamkulu koposa, ndi dzina la nthambi ya banja lomwe analandira kwa makolo ake. Verrucosus linabwera chifukwa cha njerewere yomwe inali pa mlomo wake wa m'mwamba. Cunctator ndiye dzina la kunkhondo, ndipo limatanthauza wozengereza, wochedwetsa zinthu. Ali mwana ankamutchanso Ovicula, kankhosa, chifukwa anali wofatsa, wosalankhulalankhula, wooneka ngati wogona m'mutu. Mukuona tsono kuti kudekha kuja kuli mu Cunctator, osati mu Fabius. Anthu anangozolowera kumva mayina awiriwa limodzi mpaka khalidwe la munthu linamatirira pa mfunda wake.

Anabadwa cha m'ma 280 BC. Pa zaka za Yesu asanabadwe timawerenga chotsika, choncho 218 imabwera 217 isanafike. Mu 218 BC Hannibal, mkulu wa asilikali a mzinda wa Carthage, womwe mabwinja ake ali pafupi ndi Tunis kumpoto kwa Africa, anachoka ku Spain, anadutsa mapiri a Alps ndi asilikali, akavalo ndi njovu, n'kutulukira ku Italy. Anagonjetsa Aroma pa mtsinje wa Trebia kumapeto kwa chaka chomwecho. Mu Juni 217 BC anawabisalira m'mbali mwa nyanja ya Trasimene, ndipo Aroma pafupifupi 15,000 anaphedwa pamodzi ndi mtsogoleri wawo Flaminius. Mzinda utagwidwa ndi mantha, anapereka kwa Fabius udindo wotchedwa dictator. Lero liwuli timalimva ngati wolamulira wankhanza, koma kwa Aroma a nthawi imeneyo unali udindo wa pamalamulo: munthu mmodzi ankapatsidwa mphamvu zonse pa nthawi ya ngozi, kwa miyezi isanu ndi umodzi yokha. Fabius anali atapitirira zaka 60.

Chomwe anaona ndi ichi. Mphamvu ya Hannibal inali pa akavalo ake, makamaka okwera a ku Numidia, ndipo akavalo amafuna chigwa. Kufooka kwake kunali m'mimba: gulu la anthu masauzande ambiri, kutali ndi kwawo, liyenera kudya tsiku lililonse, ndipo chakudyacho chinkachokera m'minda ya eni dziko. Msilikali wa Hannibal akafa kunali kovuta kupeza wolowa m'malo, pamene Roma anali ndi anthu ochuluka ndi mizinda ya malinga. Choncho Fabius anakana kukumana naye maso ndi maso. Ankamanga misasa yake m'mapiri, komwe akavalo sangathamange. Hannibal akasamuka, iye ankasamukanso, kumutsatira chapatali, osayandikira kwambiri koma osamutaya. Timagulu ta adani totumidwa kukafuna tirigu ndi msipu ndi tomwe ankatigwira. Analamulanso anthu a m'midzi yomwe inali panjira ya mdani kuti awononge mbewu ndi nyumba zawo n'kuthawira m'mizinda yotetezedwa, kuti Hannibal akafika apeze phulusa.

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, ndipo ndi pamene anthu ongoyamikira Fabius amadumpha. Mlimi amene akuona munda wake ukupsa, asilikali a dziko lake ali phee paphiri, samva za nzeru za nkhondo. Hannibal anatentha chigwa cha chonde cha Falernus ku Campania Aroma akuonerera. Asilikali a Fabius eni ake anayamba kumunyoza kuti ndi kapolo woperekeza Hannibal, ngati uja ankaperekeza mwana wa bwana kusukulu. Ndipo pamene zinaoneka kuti Fabius watseka njira zonse zotulukira m'chigwacho, Hannibal anatenga ng'ombe pafupifupi 2,000, anamanga nkhuni ku nyanga zake, anaziyatsa usiku n'kuzithamangitsira kuphiri. Alonda a pampata ataona miuni anaganiza kuti gulu lonse likuthawira kumeneko, anasiya malo awo, Hannibal n'kudutsa pampatapo. Fabius anakana kutulutsa asilikali mumdima poopa msampha. Kunja kutacha mdani anali atapita.

Hannibal anamuchenjereranso mwa njira ina. Potentha minda, analamula kuti munda wa Fabius usakhudzidwe, kuti Aroma aganize kuti awiriwa akumvana mobisa. Yankho la Fabius ndi limene ine ndimaliona ngati chifukwa chabwino koposa chotchera mwana dzinali. Pa kusinthana akaidi, Aroma analandira anthu oposa 200 kuposa omwe anapereka, ndipo panafunika kulipira ndalama pa aliyense. Akuluakulu a ku Senate, bwalo lalikulu loyendetsa boma la Roma, anachita mphwayi kutulutsa ndalamazo. Fabius anatuma mwana wake ku Roma kukagulitsa munda womwe uja, n'kulipira yekha dipo lonse.

Wachiwiri wake, Minucius Rufus, yemwe anasankhidwa ndi anthu osati ndi Fabius, ankafuna nkhondo. Atapambana kankhondo kakang'ono Fabius kulibe, anthu a ku Roma anamupatsa mphamvu zofanana ndi za mkulu wake, gulu la asilikali n'kugawidwa pawiri. Posakhalitsa Minucius anagwa mumsampha pafupi ndi Geronium, ndipo akanatha onse Fabius akanapanda kutsika kuphiri kudzawalanditsa. Olemba akale amati Minucius anabwera kumsasa wa Fabius, anamutcha bambo, n'kubweza mphamvu zija. Amatinso Hannibal anauza anzake kuti anali atanena kale kuti mtambo womwe unkangokhala pamwamba pa mapiri uja tsiku lina udzagwetsa chimvula. Munthu wa ku Zomba safuna womasulira mawu amenewa. Amadziwa mtambo umene umakuta phiri kuyambira m'mawa uli chete, anthu a ku Chinamwali ndi ku Matawale n'kumayanika zovala, kenako masana mitsinje ya Mulunguzi ndi Likangala yadzaza.

Miyezi isanu ndi umodzi ya Fabius itatha, sipanapite nthawi yaitali, Aroma anabwerera ku njira yawo yakale yokumana ndi mdani maso ndi maso. Anasonkhanitsa asilikali oposa 80,000, ndipo pa 2 Ogasiti 216 BC anakumana ndi Hannibal pa chigwa cha Cannae. Anazingidwa mbali zonse. Tsiku limodzi lokha anafa Aroma pafupifupi 50,000, ndipo olemba ena akale amapereka chiwerengero choposa apa. Kuyambira pamenepo dzina loti Cunctator linasiya kukhala chitonzo. Fabius ndi amene anakhazika mtima pansi mzinda: anaika alonda pa zipata kuti anthu asathawe, ndipo nthawi yolira maliro inachepetsedwa kufika masiku 30. Anthu anayamba kumutcha chishango cha Roma, pamene mnzake Marcellus, wokonda kuthira nkhondo, ankamutcha lupanga. Wandakatulo Ennius analemba kuti munthu mmodzi, pozengereza, anabwezeretsa dziko. Akuluakulu athu ananena zomwezo m'mawu ochepa: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sindingakhale woona ndikabisa mbali inayo. Mu 209 BC, ali kachisanu pa udindo wa consul, mmodzi mwa atsogoleri awiri a Roma osankhidwa chaka ndi chaka, Fabius analanda mzinda wa Tarentum mothandizidwa ndi wachinyengo wa mkati, ndipo asilikali ake anapha anthu ambiri n'kugulitsa pafupifupi 30,000 ngati akapolo. Atakalamba anatsutsanso mwamphamvu mnyamata Scipio, yemwe ankafuna kupititsa nkhondo ku Africa kuti Hannibal akakamizike kubwerera kwawo. Apa Scipio ndiye ankaona bwino. Anawoloka mu 204 BC, Hannibal anaitanidwa kwawo mu 203 BC atakhala ku Italy zaka 15, ndipo anagonjetsedwa ku Zama mu 202 BC. Fabius anamwalira mu 203 BC osaona mapeto. Njira yake inapulumutsa Roma kuti asafe, koma siinathetse nkhondo. Ngakhale zinali choncho, anthu wamba anasonkha aliyense kakobiri kake pa maliro ake, ngati akuika bambo wawo.

Dzina la msilikaliyu linafika ngakhale m'ndale za dziko lathu. Mu 1884 ku London kunakhazikitsidwa bungwe la Fabian Society, la anthu ofuna kusintha dziko pang'onopang'ono kudzera m'malamulo ndi maphunziro osati kuukira boma, ndipo anasankha dzinali pokumbukira Fabius. George Bernard Shaw, Sidney Webb ndi Beatrice Webb anali ena mwa mamembala ake, ndipo bungweli linathandiza kuyambitsa London School of Economics mu 1895 ndi chipani cha Labour mu 1900. Mu 1940 linatsegula nthambi yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, Fabian Colonial Bureau. Dr. Hastings Kamuzu Banda, ali dokotala ku Britain, analowa nawo m'nthambi imeneyi, pa zaka zomwe ankalimbana ndi ganizo la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chomwe chinadzayamba mu 1953, likulu la dziko lino lili konkuno ku Zomba.

Koma dzinali silinabwere kwathu ndi msilikali

A Fabiano a m'midzi mwathu sanatchedwe pokumbukira Cunctator. Dzinali linabwera ndi buku la ubatizo, ndipo mwini wake ndi Fabiano Woyera, Papa kuyambira 236 mpaka 250 AD, zaka zoposa 400 msilikali uja atamwalira. Eusebius, wolemba mbiri ya Mpingo, akuti Fabiano anali atangobwera ku Roma kuchokera kumudzi pamene Akhristu anasonkhana kuti asankhe episkopi wa Roma, yemwe ndi Papa, ndipo palibe amene ankamuganizira. Nkhunda inatsika n'kutera pamutu pake, anthu onse n'kufuula kuti ndi woyenera. Anagawa mzinda wa Roma m'zigawo zisanu ndi ziwiri, chilichonse ndi dikoni wake wosamalira osauka. Mfumu Decius italamula kuti aliyense apereke nsembe kwa milungu ya boma n'kulandira kalata ya umboni, Fabiano anali mmodzi mwa oyamba kufa, pa 20 Januwale 250. Anaikidwa m'manda a pansi pa nthaka a Callixtus, ndipo mwala wa pamanda ake, wolembedwa m'Chigiriki, ulipo mpaka lero. Mpingo unakhala wopanda Papa kopitirira chaka mpaka Korneliyo atasankhidwa mu 251.

Tsiku la Fabiano Woyera ndi 20 Januwale, limodzi ndi Sebastiano Woyera. N'chifukwa chake mwana wamwamuna wobadwa kapena kubatizidwa cha m'masiku amenewo, m'banja lotsata kalendala ya oyera, amatha kukhala Fabiano kapena Sebastiano. Kalendala yakale ya mpingo wa Anglican nayonso ili ndi dzina la Fabian pa tsiku lomweli. Dzina lokha silitsimikiza kuti Papayu anali wa magazi amodzi ndi msilikali uja, chifukwa ku Roma akapolo omasulidwa ankatenga mfunda wa mbuye wawo, ndipo kamchira ka -anus kankaperekedwanso kwa ana oleredwa m'banja lina. Chomwe chikuwalumikiza ndi muzu wa dzina.

Kwa ana aakazi kuli Fabiana ndi Fabiola. Fabiola Woyera anali mayi wolemera wa banja la Fabius lenilenilo, mnzake wa Jerome Woyera, yemwe anagwiritsa ntchito chuma chake kumanga chipatala cha osauka ku Roma ndipo iye mwini ankasambitsa odwala. Anamwalira mu 399, ndipo tsiku lake ndi 27 Disembala. Banja la namwino kapena la mzamba silingasowe chifukwa chokondera dzina limeneli.

Pali mayina ena ofanana nalo pakamwa koma a muzu wina. Fabrice, Fabrizio ndi Fabricio amachokera ku Fabricius, mfunda wina womwe amaulumikiza ndi liwu loti faber, mmisiri. Fabio, monga Fabio Cannavaro yemwe anatsogolera Italy potenga chikho cha dziko lonse mu 2006, ndiye Fabius weniweni m'Chitaliyana. Fabien, monga goloboyi Fabien Barthez, ndi Fabiano wa Chifalansa. Ndipo ngati chomwe kholo likufuna ndi tanthauzo la kudekha lomveka kwa aliyense, Chichewa chili nawo mayina onena zimenezo mosapita m'mbali: Fatsani, Pilirani, Chipiliro, Dikirani. Kuphatikiza awiri, monga Fabiano Pilirani, kumapatsa mwana nkhoswe ya ku mpingo ndi dzina loti agogo ake alimve.

Pamene zinthu zimasokonekera ndi pa kalembedwe

Dzina limodzili limalembedwa m'njira zambiri: Fabiano, Fabian, Fabiyano, Fabiyani, Fabien, ngakhale Phabiano ndi Fabhiyano. Chilichonse chili ndi chifukwa chake. Mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, choncho Fabian pakamwa pathu amasanduka Fabiyani, pamene Fabiano, momwe amanenera Ataliyana ndi Apwitikizi, amalowa m'chilankhulo chathu osasintha. Pakati pa i ndi a lilime lathu limaikapo y, ndiye wolemba momwe akumvera amalemba Fabiyano. Lembo la b m'dzinali limamveka ngati la m'mawu obwereka, losiyana ndi la mu "bambo", ndipo ena amalisonyeza ndi bh. Ph uja amabwera chifukwa cha mayina ngati Philip, koma kwa wowerenga Chichewa ph ndi wa mu "phiri", moti Phabiano amadzawerengedwa molakwika moyo wake wonse. Kalembedwe kameneka kokha ndingalangize kuti mukapewe. Pa enawo palibe olakwika. Cholakwika ndi kukhala ndi awiri.

Zimayamba chonchi. Mwana amabadwa, tinene ku Zomba Central Hospital kapena pa chipatala chaching'ono cha kumudzi, asanatchedwe dzina, poti mwambo umati adikire mchombo ugwe atuluke m'chikuta, ndipo wotcha dzina ndi agogo, amalume kapena azakhali. Mayi akapita kusikelo, wa zaumoyo amalemba dzina momwe walimvera: Fabiyano. Pa ubatizo akatekisiti amalemba momwe lilili m'kalendala: Fabiano. Polembetsa Sitandade 1, amene waperekeza mwana ndi mchemwali wake, ndipo aphunzitsi amalemba Fabian. Zaka zisanu ndi zitatu palibe amene amaona vuto. Limaonekera pamene dzina la m'kaundula wa sukulu lapita ku MANEB pa mayeso a Sitandade 8, n'kudzatsatira mwanayo mpaka pa setifiketi ya MSCE, pamene chiphaso cha unzika, chomwe munthu amatenga ku NRB akakwana zaka 16, chalembedwa potengera pepala lina. Kompyuta siidziwa kuti Fabian ndi Fabiano ndi munthu mmodzi. Kubanki, pa pasipoti, pa ngongole ya ophunzira a ku yunivesite, polembetsa nambala ya foni kapena polowa ntchito, lembo limodzi limabweza munthu pakhomo.

Kupewa kwake n'kosavuta ndipo sikulira ndalama. Banja likagwirizana dzina, wina alilembe papepala ndi zilembo zikuluzikulu, dzina loyamba, lapakati ndi la banja, lililonse pa mzere wake, pamodzi ndi tsiku lobadwa. Pepala limenelo ndi lomwe lipite polembetsa kalata ya kubadwa, ndipo kalata ya kubadwayo ikatuluka, ndiyo ikhale mayi wa mapepala ena onse. Popita kwa bambo mfumu kukalembetsa ubatizo, kusukulu kapena kusikelo, musatchule dzina pakamwa pokha. Perekani pepala kuti wolembayo akopere, ndipo muwerenge zomwe walemba musanachoke. Buku la ubatizo musalipeputse, chifukwa ndi lomwe parishi imadzatsegula pa Ulimbitso, pa ukwati, ngakhale mnyamata akafuna kulowa seminale. Mwana akafika Sitandade 8, Fomu 2 ndi Fomu 4, sukulu ikamatsimikiza mayina a olemba mayeso, kholo lifunse kuona momwe dzina lalembedwera. Kukonza pa nthawi imeneyo ndi nkhani ya cholembera. Setifiketi ikatuluka, kukonza kumafuna kalata ya mphunzitsi wamkulu, kalata yolumbira pamaso pa majisitireti kapena loya yotsimikiza kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndi maulendo angapo a minibasi.

Dzinali lili ndi msampha winanso womwe mayina ngati Chikondi alibe kwenikweni: limagwira ntchito ngati dzina loyamba komanso ngati la banja. Munthu wotchedwa Fabiano Petulo amapezeka pa pepala lina ali Petulo Fabiano, chifukwa mafomu ena amayamba ndi dzina la banja ndipo wolemba sangadziwe kuti loyamba ndi liti. Polemba fomu yang'anani bokosi lililonse chomwe likufunsa. Komanso m'mabanja ambiri kuno ana amatenga dzina loyamba la bambo ngati dzina lawo lachiwiri. Bambo akakhala Fabiano Mbewe, mwana wina amalembedwa kusukulu ngati Mbewe, mng'ono wake ngati Fabiano, ndipo pa nkhani ya chuma cha masiye kapena ya penshoni pamafunika umboni woti ndi a mimba imodzi. Makolo asankhe limodzi mwana woyamba asanalowe sukulu, ndipo onse otsatira alembedwe chimodzimodzi.

Poitana pakamwa palinso kusiyana komwe mlendo amaphonya. "Bambo Fabiano" ndi mwini dzina, munthu wamkulu. "Bambo a Fabiano" kapena "bambo ake a Fabiano" ndi kholo la mwana wotchedwa Fabiano, ndipo mayi ake ndi "amake Fabiano". Ngati mwanayo ndi woyamba, dzina lake ndi lomwe makolo adzaitanidwe nalo pamudzi mpaka kukalamba, moti posankha ayambe alitchula okha mokweza amve ngati likuwakhala. Kwa anzathu a Chiyao mudzamva "Che Fabiano", kwa ena "a Fabiano", ndipo anzake a mpira adzalidula kukhala Fabi. Mwana akatchedwa dzina la agogo ake omwe ali moyo, akazi a pabanjapo, makamaka apongozi, sangalitchule mwachisawawa pomukalipira kapena pomutuma, choncho m'nyumba zotere mwanayo amafunika dzina lachiwiri la tsiku ndi tsiku, ndipo ndi bwino nalonso lilowe pa kalata ya kubadwa ngati dzina lapakati kuti lisadzatulukire lokha pa setifiketi ya sukulu.